Kaphunzitsidwe ka nkhani ya ku Kambwe m'kalasi ya ku Nkhotakota

Chaka changa choyamba kuphunzitsa mbiri yakale kuno ku Nkhotakota, nkhani ya Mlozi, wamalonda a minyanga ndi akapolo wa ku Karonga uja, ndinaithamangitsa m'piriyodi imodzi. Ndinalemba pabolodi kuti Aluya anapha Angonde ku Kambwe, pafupi ndi Karonga, mu 1887, ana n'kukopera, belu n'kulira, ine n'kutuluka. Patatha masiku atatu ndinaona kuti pa desiki ina ya kumbuyo palibe munthu. Mwini wake anali mnyamata wofatsa wa ku Linga, amene Lachisanu lililonse ankapempha kutuluka msanga kuti akapeze swala kumzikiti. Anzake anali atamutcha Mlozi. Pa buleki ankamuzinga n'kumamufunsa kuti makolo ake anagulitsa anthu angati.

Lolemba lotsatira kunabwera agogo ake aamuna, ndodo ili m'manja. Sanakweze mawu. Titalonjerana anati, "Aphunzitsi, ine ndine Msilamu, bambo anga analinso Msilamu. Koma agogo anga aakazi anafika kunyanja kuno ali kamtsikana, chingwe chili m'khosi, kuchokera kumtunda uko. Ndiye tandiuzani, mdzukulu wangayu ali mbali iti, ya ogulitsa kapena ya ogulitsidwa?" Ndinasowa chonena. Ndinapepesa, chifukwa wolakwa ndinali ine. Ana ndinawapatsa chiganizo chimodzi, dzina la mtundu wa anthu kumayambiriro, magazi kumapeto, ndipo iwo anangoyang'ana m'kalasimo kuti apeze wofanana ndi dzinalo.

Kuyambira pamenepo nkhaniyi ndimaipatsa mapiriyodi anayi, ngakhale sikimu ikhale yothina bwanji. Ndikulembera inu aphunzitsi anzanga, makamaka amene mwangotumizidwa kumene m'sukulu za m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chipoka ndi ku Senga Bay, kudutsa ku Benga, kuboma kuno mpaka ku Dwangwa, kumene mwana wa shehe ndi mwana wa mkulu wa mpingo amawerenga buku limodzi atagundanitsa mitu. Anzathu ena amailumpha nkhaniyi poopa kuyambanitsa ana. Ine sindigwirizana nazo. Ku Kambwe kunaphedwa anthu amene sanali pa nkhondo, ndipo ana athu ayenera kumva bwinobwino mmene zinakhalira. Chofunika kuchisamala ndi njira yofikira pamenepo.

Muyambe mwaidziwa inuyo

Manotsi amene timabwerekana aja amatchula Mlozi, n'kutchula Harry Johnston, mzungu wa boma la Britain amene anamugonjetsa, pakati ponse n'kusiya mbee. Musanagwire choko, nkhani ikhale m'mutu mwanu motsatana.

Mu 1884 kampani ya African Lakes, imene ife timangoti Mandala, inatsegula sitolo ku Karonga, woyang'anira wake ali Monteith Fotheringham wa ku Scotland. Pa Karonga ndi pamene pankayambira msewu wa Stevenson wolowera ku nyanja ya Tanganyika, ndipo chimene kampaniyo inkafunitsitsa chinali minyanga ya njovu. Amalonda a Chiswahili amene ankasaka minyanga ndi akapolo cha ku chigwa cha Luangwa anaona kuti msika wawayandikira. Mmodzi wa iwo anali Mlozi. Anapempha malo kwa mafumu a Angonde, ndipo anakhazikika ku Mpata, m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru, kumadzulo kwa Karonga. Anzake awiri, Kopakopa ndi Msalema, anamanga chapafupi pomwepo. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma alendo awa sanakamuke. Misasa yawo inasanduka malinga a mitengo omata ndi dothi, okhala ndi ziboo zotulutsira mfuti, ndipo m'katimo munadzaza asilikali aganyu otchedwa rugaruga.

Mu 1887 zinafika poipa. Mikangano pakati pa anthu a m'malinga ndi eni dziko inaphetsa mafumu ena a Angonde, kenako inakula kukhala nkhondo. Midzi ya Angonde, imene alendo onse a nthawi imeneyo ankaitama chifukwa cha ukhondo wake, ng'ombe zake ndi minda yake ya nthochi, inayamba kuotchedwa umodzi umodzi. Mlozi anathandizidwa ndi Ahenga, anthu amene nawonso anali othawa, atachoka m'manja mwa Angoni n'kudzakhala m'dziko la Angonde zaka zochepa m'mbuyomo. Iye anadzitcha sultani wa dziko la Angonde. Mfundo imeneyi muigwiritse, chifukwa ikusonyeza kuti iyi sinali nkhondo yongogwira anthu n'kubwerera. Inali yolanda dziko lenilenilo ndi kukhala pamenepo. Za ku Kambwe zinachitika chakumapeto kwa chaka chimenecho, dzuwa litaumitsa udzu, mvula isanagwe.

Piriyodi yoyamba ikhale ya panja

Karonga ali kutali, makilomita oposa 400 kuchokera kuno, ndipo ana anga ambiri sanapitirirepo pa Dwangwa. Mukayambira kumeneko, nkhani imakhala ya anthu ena. Ine ndimayambira pa mbale ya mpunga. Ndimafunsa kuti ndani wadya mpunga sabata ino, manja n'kukwera pafupifupi onse. Ndimafunsanso kuti nanga ulimi wa mpunga unakhazikika bwanji kunyanja kuno. Sipalephera wina woyankha kuti unabwera ndi anthu a Jumbe, dzina la udindo la mafumu a Chiswahili amene ankalamulira kuno. Apo khomo latseguka, ndipo walitsegula ndi mwana, osati ine.

Kenako timayenda. Ahedi muwauziretu sabata imodzi zisanachitike, ndipo mupemphe mphunzitsi wina akuperekezeni, makamaka wa chipembedzo chosiyana ndi chanu. Nyamukani m'mawa dzuwa lisanakwere, aliyense ndi kabotolo ka madzi. Timayamba ndi mkuyu wa pachipatala cha St Anne's, umene anthu amautcha mtengo wa Livingstone, pamene amati anakumana ndi Jumbe ndi mafumu. David Livingstone anadutsa m'dera lino pa bwato mu 1861, n'kudzafikanso wapansi mu 1863, pamene anapeza kuno akukhoma chombo chowolotsera anthu ndi katundu. Pamalopo ndi pachipatala, odwala ali pafupi, ndiye mupemphe chilolezo ndipo ana asasokose. Tikachoka apo timatsetserekera ku Linga, kumene kuli manda a Ajumbe ndi malo a mzikiti wakale. Kumeneko musangotulukira ndi chigulu cha ana. Pitani nokha dzulo lake, mukalonjere akuluakulu a pamzikiti, muwauze chimene mukubwerera. Atsikana atenge zitenje. Ine sanandikanizepo, ndipo nthawi zambiri amatulutsa munthu wachikulire woti atiyendetse.

Pansi pa mtengo, kapena pamchenga mukuyang'ana kutsidya, auzeni za kuno. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anafika cha m'ma 1840, n'kupeza malo m'dziko la mfumu Malengachanzi. Ankadzitenga ngati woimira sultani wa ku Zanzibar. Anthu ogwidwa kumtunda, cha ku Kasungu mpaka kutsidya kwa Luangwa, ankafika kuno m'magoli, n'kusungidwa mpaka akwane, kenako n'kuwolotsedwa pa zombo kupita kutsidya la kum'mawa. Kuchokera kumeneko unali ulendo wapansi wa miyezi itatu kapena inayi kukafika ku Kilwa, doko la kugombe la nyanja yamchere. Livingstone analemba kuti kazembe wa Britain ku Zanzibar, Rigby, anamuuza kuti akapolo 19,000 ochokera m'dera la nyanja yathuyi ankadutsa pa kasitomu ya ku Zanzibar chaka chilichonse. Nambala imeneyi ndi ya dera lonse la nyanja, osati Nkhotakota yekha, ndipo muwauze ana choncho. Malo amene mwaimawo, pamodzi ndi a ku Karonga, boma linawalembetsa mu 2011 pa mndandanda woyembekezera wa UNESCO wa malo osungidwa a dziko lonse lapansi.

Pali mbali ina imene simuyenera kuibisa, ngakhale imawawa kwa ife Achewa. Jumbe sakanatha yekha. Mafumu ena athu ankagulitsa anthu posinthana ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Komanso Achewa ambiri anathawira okha m'linga la Jumbe poopa nkhondo za Angoni, chifukwa m'menemo munali mfuti. Dzina loti Linga likuchokera pamenepo. M'tauni muno ogula, ogulidwa ndi othawa nkhondo anakwatirana, ndipo zidzukulu zawo ndi zimene zakhala patsogolo panu. Mwana akamvetsa zimenezi ali panja pa kwawo, sadzaloza mnzake chala tikafika pa za ku Karonga.

Ngati sukulu yanu ili kutali ndi boma, musadandaule za galimoto. Tulukani pabwalo, jambulani nyanja pansi ndi phulusa, yaitali masitepe khumi. Zitsekerero za mabotolo zikhale Nkhotakota, Karonga, Mpata ndi Kambwe, mwala ukhale Kilwa patali uko pafupi ndi mpanda. Mwana mmodzi ayende kuchokera ku Kasungu mpaka pamwalapo anzake akuwerenga miyezi. Mapu a phulusa amenewa amakhala m'mutu kuposa a m'buku.

Mawu oti Aluya

Piriyodi yachiwiri ndimaithera pa mayina. Apa ndi pamene ndinagwera poyamba paja, ndiye ndimapachedwa dala.

Mabuku akale amati nkhondo ya Aluya, ndipo makolo athu nawonso ankatero. Mawuwo musawafafanize, chifukwa ana akakumana nawo pa mayeso. Koma muwamasule. Pabolodi ndimalemba mawu oti Aluya pamwamba, pansi pake n'kufunsa kuti m'linga la ku Mpata munali ndani. Tikayamba kuwerenga timapeza kuti atsogoleri ake anali Aswahili, anthu a magazi osakanikirana a ku Africa ndi ku Arabia, olumikizana ndi malonda a ku Zanzibar. Ogwira mfuti ambiri anali anthu akuda a mitundu yakumtunda, monga Anyamwezi, ena mwa iwo atagwidwapo ukapolo ali ana. Pambali pawo panali Ahenga. Ndiye ndimafunsa kuti, pa anthu onsewa, amene anabadwira ku Arabia ndi angati? M'kalasi mumakhala zii, kenako wina amati, "Sala, ndiye kuti tinkaphana tokhatokha?" Yankho langa limakhala loti ambiri ogwira mfuti anali akuda ngati ife, inde, koma olamula anali ndi mayina, ndipo ndalama za minyanga ndi za akapolo zinkathera kugombe la nyanja yamchere, kumene minda ya ma clove ya ku Zanzibar ndi ku Pemba inkalimidwa ndi akapolo, minyanga n'kumapita ku India, ku Ulaya ndi ku America.

Lamulo langa m'kalasi ndi ili: pa nkhani imeneyi, wochita choipa timamutchula dzina lake. Timati Mlozi, Kopakopa, Msalema. Sitinena kuti Asilamu anachita, monganso sitinena kuti Ahenga onse kapena Atumbuka anachita. Mwana akalakwitsa ndimamuimitsa pomwepo mofatsa, ndi kumufunsa kuti, "Ndani kwenikweni?" Pofika kumapeto kwa piriyodi amakhala akukonzana okhaokha.

Muchenjerenso ndi dzina la Mlozi lenilenilo. M'Chiswahili limatanthauza mfiti, ndipo khutu la Mchewa limamvamo kulodza. N'chifukwa chake limamata msanga likaponyedwa pa mwana. Ine ndimanena poyera tsiku lomwelo kuti aliyense wotcha mnzake dzina limeneli, m'kalasi, pa buleki kapena pa mpira, nkhani yake ikafika kwa ahedi ndi kwa makolo ake. Musadikire kuti zichitike kaye.

Tsiku lofotokoza za ku Kambwe

Musankhe piriyodi ya m'mawa, ndipo ngati n'kotheka ikhale yophatikiza iwiri. Isakhale yotsatana ndi masewero, isakhalenso yomaliza Lachisanu, pamene ana ena akuthamangira kumzikiti ndipo mungawatulutse ali ndi mtima wolemera popanda kukambirana. Makope onse atsekedwe. Ine ndimachoka kutsogolo, n'kukakhala pa desiki ya pakati.

Kambwe ndi thamanda la m'mbali mwa nyanja, kumpoto pang'ono kwa tauni ya Karonga, lozingidwa ndi bango. Ana athu safuna chithunzi kuti alione. Ndimangoti aganize za m'mphepete mwa Chia, kapena kumathiriro a Bua. Ndiye ndimawafunsa iwowo, ana a asodzi, kuti bango limakhala bwanji mwezi wa Okutobala. Amandiuza kuti kumwamba limakhala louma loti gwaa, pansi pali matope omira mpaka m'mawondo, masamba ake amacheka, muli udzudzu, ndipo chakumadzi kuli ng'ona. Ndimafunsanso kuti munthu wamkulu angalowe m'menemo ndi khanda kumbuyo chifukwa chiyani. Amayankha okha kuti pokhapokha kumtunda kukhale choopsa choposa ng'ona.

Pamenepo ndimafotokoza, kamodzi kokha, ndi mawu otsika.

Anthu amene midzi yawo inali itaotchedwa anathawira m'bango la ku Kambwe. Munali amayi ndi makanda, nkhalamba, ana, ndi amuna amene anatsala. Anthu a Mlozi ndi owathandiza anawalondola, n'kuzinga malowo, n'kuyatsa bango. Amene anatuluka pothawa moto anakumana ndi mfuti ndi mikondo. Amene anathawira kumadzi akuya, ena anamira, ena anagwidwa ndi ng'ona. Amene anatsala m'kati anapsa. Akazi ndi ana amene anapulumuka anatengedwa ukapolo.

Ndikatha apo ndimakhala chete. Musaope chete ameneyo, ndipo musathamangire kumudzaza ndi funso la mayeso. Mphindi imodzi kapena ziwiri zimakwana. Ena amayang'ana pansi, wina amaseka kaseko ka mantha, ndipo ameneyo musamukalipire.

Musawonjezere zokometsera. Nkhaniyi ndi yoopsa kale, siifuna kuti muikemo kulira kwa makanda kapena mawu amene Mlozi sananene. Mukangowonjeza chimodzi chopeka, mwana wochenjera akadzachitulukira adzakayikira zonse, ndi zoona zomwe. N'chimodzimodzi ndi chiwerengero cha akufa. Ana adzakufunsani kuti anafa angati. Tsiku limenelo panalibe woima ndi kope kuwerenga mitembo m'matope ndi m'madzi. Akatswiri a mbiri amanena za anthu mazanamazana, ndipo inu munene zomwezo. Musatole nambala yaikulu ya pa Facebook n'kuilemba pabolodi.

Sewero ayi. Ndikudziwa kuti ku koleji anatiphunzitsa kuti ana amagwira bwino akachita okha, ndipo pa mitu yambiri n'zoona. Koma ndinaonapo sewero la nkhani ngati imeneyi pa tsiku la makolo pasukulu ina. Anyamata anakulunga matawulo kumutu, ena n'kumagubuduka pansi ngati akupsa, bwalo lonse n'kufa nazo nseko. Amayi ovala mahijabu amene anakhala kutsogolo ananyamuka mmodzimmodzi n'kumapita. Akufa a ku Kambwe anasanduka choseketsa, ndipo amoyo ananyozeka. M'malo mwa sewero, ndimapatsa aliyense kapepala kuti alembe funso limodzi popanda dzina lake, n'kuponya m'katoni.

Mafunso a m'katoni

Amabwera ofanana chaka ndi chaka, ndiye mukonzekeretu.

Loyamba limakhala loti bwanji Angonde sanabwezere. Anabwezera, koma mkondo ndi mfuti ya gogodela sizilingana, makamaka wamfutiyo akakhala kuseri kwa linga. Ambiri anathawira kumpoto, kutsidya kwa Songwe, ena ku sitolo ya Mandala, ndipo pambuyo pake anamenya nawo nkhondo zonse zotsatira mpaka Mlozi atagwa. Ana asatuluke ndi chithunzi cha Angonde ongolira.

Lachiwiri ndi lija limene aphunzitsi ambiri amaliopa: kodi Chisilamu chimalola zimenezi? Ine ndine wa Anglican, ndipo ndimawauza ana poyera kuti si ine shehe woti ndimasulire chipembedzo cha anzanga. Chimene ndingayankhe ngati mphunzitsi wa mbiri n'chakuti nkhondo ya ku Karonga inali ya dziko, minyanga ndi akapolo. Anthu a m'bango sanafunsidwe za chikhulupiriro chawo asanaotchedwe. Ndimawakumbutsanso kuti Jumbe wa nthawi imeneyo kuno, Tawakali Sudi, Msilamu ngati Mlozi, anapangana ubwenzi ndi Harry Johnston mu 1889, ndipo anamuthandiza pa zokambirana zimene zinaimitsa nkhondoyo chaka chomwecho. Ndiye ndimatembenukira kwa ana a Chikhristu. Zombo zimene zinawolotsa anthu mamiliyoni pa nyanja ya Atlantic zinali za mayiko a Chikhristu. Apwitikizi a ku Zambezi, obatizidwa, anali ndi asilikali awo a Chikunda ogwira anthu. Sindinena zimenezi kuti mlandu wa Mlozi uchepe. Suchepa ngakhale pang'ono. Ndimanena kuti pasapezeke mwana wokhala m'kalasimo ngati woweruza anzake chifukwa cha kumene amapemphera. Kwa ife a mpingo umene unamanga tchalitchi cha All Saints pakati pa tauni ya Jumbe, kumene kuli manda a Bishopu Chauncy Maples amene anamira m'nyanja mu 1895, chiyeso chake n'chakuti nkhaniyi tiisandutse ulaliki wa kupambana kwathu. Kalasi ya boma si malo ake.

Lachitatu limachokera kwa ana akuthwa: tikudziwa bwanji kuti zinachitikadi, poti olemba anali azungu odana ndi Mlozi? Mwana wofunsa chonchi mumuyamikire pamaso pa anzake. N'zoona kuti zambiri zolembedwa zinachokera kwa Fotheringham ndi anzake, ndipo iwo sanali oonerera chabe. Kampani yawo inkagula minyanga kwa anthu omwewo isanayambane nawo, ndipo nkhondo itabuka inkafuna kuti anthu a ku Britain akwiye, atumize ndalama ndi mfuti. Koma mboni yokhala ndi zofuna zake siisandutsa maliro kukhala bodza. Angonde eni ake anasunga nkhaniyi pakamwa, ndipo katswiri wa mbiri wa kwathu konkuno, Owen Kalinga, anayenda m'midzi ya ku Karonga kufunsa akuluakulu za ufumu wa Kyungu, mfumu yaikulu ya Angonde, ndi nkhondo zimenezi. Aphunzitseni ana kufunsa kuti walemba ndani, ankafuna chiyani, ndipo ndani wina akunena zofanana.

Mathero ake musawakongoletse

Piriyodi yachinayi ndi ya zotsatira, ndipo apa mutha kufulumirako. Chakumapeto kwa Novembala 1887 anthu a Mlozi anazinga azungu ochepa ndi othawa nkhondo pa Karonga kwa masiku asanu, mpaka Anyakyusa zikwi zingapo atabwera kudzawapulumutsa. Mmodzi wa ozingidwawo anali Alfred Sharpe, amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa dziko lino. Mu 1888 msilikali wa ku Britain, Frederick Lugard, anatsogolera nkhondo yokagumula linga la Kopakopa, koma analephera, n'kuvulazidwa ndi chipolopolo. Mu Okutobala 1889 Johnston anapangana mtendere ndi Mlozi, ndipo Mlozi anakhalabe ku Mpata zaka zina zisanu ndi chimodzi, malonda ake akupitirira. Mu Disembala 1895 Johnston, amene tsopano anali mkulu wa boma la atsamunda, anafika ndi asilikali a Chisikhi ochokera ku India, asilikali akuda ndi mizinga, atakwera sitima zapanyanja kuphatikizapo ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann. Linga la ku Mpata linagumulidwa. Mlozi anagwidwa, anaweruzidwa pamaso pa mafumu a Angonde, ndipo ananyongedwa. Akapolo oposa 500 anamasulidwa.

Ana amafuna kuomba m'manja pamenepa, ndipo ine sindiwaletsa kukondwera kuti anthu anamasulidwa. Koma ndimawauzanso kuti mizinga ya ku Mpata sinkasankha, ndipo tsiku limenelo kunafa anthu ena mazana. Ndimawauza kuti amene anachotsa Mlozi sanabweze dziko kwa eni ake n'kupita kwawo. Dziko lino linali litalengezedwa kale kukhala pansi pa Britain mu 1891, ndipo chotsatira chinali msonkho wa nyumba ndi ulamuliro wa atsamunda mpaka 1964. Kuno kwathu Tawakali Sudi anamwalira mu 1894, ndipo wolowa m'malo mwake anachotsedwa ndi boma lomwelo n'kutumizidwa ku Zanzibar. Ufumu wa Ajumbe unathera pamenepo.

Za mayeso musazitaye. Mphindi khumi ndi zisanu zomaliza atsegule makope, mulembe nawo zifukwa za nkhondo, mayina, zaka ndi zotsatira, m'Chingerezi choti akachigwiritse ntchito pa pepala la MANEB. Zokambirana zonse zija ine ndimalola kuti zichitike m'Chichewa, chifukwa mwana safunsa funso la pansi pa mtima m'chilankhulo chimene akuopa kulakwitsa. Ngati sukulu yanu ingakwanitse ulendo wautali, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004 ndipo ambiri amaidziwira mafupa a chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus, ili ndi mbali yofotokoza za nthawi ya Mlozi. Ife sitinakwanitsepo kupita ndi kalasi yonse, mtengo wa basi umatilepheretsa, koma ndinapitako ndekha pa holide n'kujambula zithunzi pafoni zimene ndimaonetsa.

Ntchito ya kunyumba

Ndimawatuma kwa agogo awo, kapena kwa munthu aliyense wachikulire wa m'mudzi mwawo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo pa nkhani iyi ndinaziona ndi maso anga. Koma mafunso muwasankhire ndinu. Mwana asakafunse kuti, "Agogo, kodi ife ndife akapolo?" Mawu amenewo m'midzi yathu akadali chitonzo, amatuluka pa milandu ya malo ndi ya ufumu, ndipo angathe kutsekula mabala amene banja linawaphimba kalekale. Akafunse kuti, "Agogo, makolo athu anachokera kuti asanafike kuno? Anabwera bwanji? Munamvapo chiyani za nthawi ya nkhondo?" Akhale pansi, alonjere, asajambule mawu pafoni asanapemphe, ndipo wachikulireyo akati zimenezo sitinena, athokoze n'kusiya pomwepo.

Zimene amabwera nazo n'zosiyanasiyana. Wina amauzidwa kuti makolo ake anali okhoma zombo. Wina kuti anathawa Angoni n'kubisala m'mapiri a kumtunda, kumene lero kuli nkhalango yosungirako nyama. Wina amabwera chimanjamanja, ndipo ameneyo sindimuchotsera malikisi.

Mapepalawa samawerengedwa mokweza pokhapokha mwini wake atavomera, ndipo samapachikidwa pakhoma. Chaka china mtsikana wina anandipatsa lake atalipinda kanayi, pamwamba atalemba kuti agogo ake aakazi anamuuza kuti aphunzitsi okha ndiwo aone. Ndinaliwerenga ndili ndekha m'ofesi, ndinalemba malikisi m'kaundula, pa pepalapo osalembapo chilichonse ndi cholembera chofiira. M'mawa mwake ndinaliika mu envelopu, n'kumata, n'kumupatsa m'manja kuti akabweze kwa agogo akewo pamodzi ndi moni wanga. Mapepala otere musawasiye pa tebulo la mu sitafu, ndipo mukhale ndi maenvelopu angapo m'thumba musanatolere ntchitoyi.